Timisomali Pamilomo

Mvumbi unayamba kusanache, ndipo pofika masana unali usanaleke. Madzi ankadontha pa malata a khonde n'kumagwera m'chitini chimene a Chete anatchera pafupi ndi benchi lawo. Nyengo yotere inkawabweretsera ntchito. Nsapato zimene zinkabisa matenda awo m'chilimwe zinkayasamula zonse mvula ikagwa, ndipo eni ake ankabwera nazo atazikulunga m'mapepala, nkhope zili zakugwa.

Dzina loti a Chete anawapatsa ndi anthu a mumsewumo. Ankasoka nsapato timisomali tili pamilomo, n'kumatenga kamodzikamodzi pokhoma. Munthu akafunsa ngati nsapato yake ichira, ankayankha kuti, "Mm." Akafunsa tsiku lodzatenga, yankho linali lomwelo. Akazi awo ali moyo, ndiwo ankamasulira. Ankakhala pampando chapakhomo n'kumauza makasitomala kuti, "Akuti mubwere mawa," kapena, "Akuti imeneyi mukangoitaya." Sankaphonya. Koma chimwalirireni mayiwo, "Mm" uja anatsala wopanda womasulira.

Tsikulo linali Lachisanu. Mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, anatulukira ndi ambulera yothyoka nthiti, chikwama chili kumsana. Ankaphunzira za zomangamanga ku koleji, ndipo mumsewumo aliyense ankangomuti Injiniya ngakhale anali asanamalize. Bambo ake okha ndiwo ankamuti Mayi, chifukwa anatengera chipumi cha agogo ake.

"Ababa, mwaswera?"

"Mm."

Anakhala pa kabenchi ka makasitomala, napukuta madzi kumaso.

"Ababa, ndabwera ndi nkhani. Ku koleji tisanamalize amatitumiza ku atachimenti."

A Chete anakweza nsidze.

"Ndiye kuti kukaphunzira ntchito. Pamalo pantchito penipeni." Mawu ake ankathamanga. "Ine anditenga a kampani ina imene ikumanga mlatho. Tinafunsira ambiri, Ababa, koma m'kalasi mwathu atenga ine ndi mnyamata wina basi. Kungoti ndi kutali. Basi imanyamuka m'mawa n'kukafika dzuwa litapendeka. Ndikakhala komweko miyezi ingapo. Akufuna yankho Lolemba."

Hamala inaima m'malere. Pa zonse zimene mwanayo ananena, a Chete anagwirapo mawu awiri okha: kuphunzira ntchito.

Mawu amenewo ankawadziwa ndi thupi lawo. Ali mnyamata anawapereka kwa mkulu wina wosoka nsapato kuti akaphunzire ntchito. Anasesa. Anatunga madzi. Anachapa matewera a mwana wa mkuluyo, n'kumagona pa zidutswa za zikopa kuseri kwa shopu. Singano anaigwira ndevu zitayamba kale kumera. Nthawi yonseyo palibe anawaitanapo ndi dzina. Ankangoti, "Iwe wophunzira." Tsiku limene mwana wawo anabadwa, anadziuza mumtima kuti ameneyu sadzaitanidwa choncho ndi munthu aliyense.

"Mmm," anatero. Anali wautali, wotsika kumapeto.

Injiniya anawayang'ana. Anayang'ana kolala ya malaya awo imene inali itada, ndi lamba amene anali atamuboola bowo latsopano. Atayambanso kuyankhula, mawu ake sankathamanganso.

"Palinso pena. Ofesi ina konkuno m'tauni, yojambula mapulani a nyumba. Akuti ndizikakopa mapepala ndi kuwasanja m'mashelefu. Ndizigona kunyumba. Ndizikuphikirani."

Ofesi. A Chete anaona tebulo, mpando, ndi nsapato zosaponda matope.

"Mm," anatero, mwachidule.

"Chabwino, Ababa."

Anatenga ambulera yake, nalowera kunyumba.

Madzulo amenewo a Chete anapeza nyumba itasintha. Mawindo anali otsekula, pansi pokolopa, ndipo m'khitchini munkamveka fungo la anyezi. Anadya mpaka kumasula lamba. Mwanayo ankatsuka mbale osaimba, ngakhale kuti kuyambira ali wamng'ono ankaimba potsuka. Iwo anamva kuti sakuimba, koma anamvanso kukoma kwa phokoso la mbale m'nyumba imene inazolowera kukhala zii.

M'mawa mwake kunabwera mlamu wawo, mng'ono wa malemu akazi awo. Ankagulitsa nsapato za kaunjika pakona pa msewu womwewo, ndipo zong'ambika ankabwera nazo kwa iwo. Anaponya thumba pansi, naika manja m'chiuno.

"Mwadzuka bwanji, alamu? Musavutike kuyankha, yankho ndikulidziwa kale. Mwana mwamuchita chiyani?"

"Mm?"

"Zimenezo ayi. Ine si mkulu wanga. Malemu anali ndi digiri ya chilankhulo chanucho, ine ndinalekezera sitandade wani. Injiniya wabwera kwanga m'mamawa maso ali psuu. Akuti Lolemba aimba foni kukana za mlatho zija. Akuti ababa akana."

A Chete analavulira timisomali m'dzanja.

"Sindinakane."

"Munavomera?"

"Sindinanene kanthu."

"Eya! Matenda anu ndi amenewo." Mlamuyo anakhala pa kabenchi. "Mukudziwa zimene akuganiza? Akuti simungakhale nokha. Akuti wapeza mapoto atachita nguwi, buledi wouma ali pawindo, juzi ya mayi ake ikadali pampando pomwe anaisiya. Akuti munthu ameneyu ndikapita kutali ndidzamupeza atauma ngati zikopa zake zomwe."

"Si zimenezo."

"Nanga n'chiyani?"

A Chete anatembenuza nsapato imene inali m'manja mwawo, naiyang'ana kunsi ngati yankho lalembedwa kumeneko.

"Wophunzira ntchito amasesa."

Mlamuyo anaseka mpaka kugwira mzati wa khonde. Mayi wina wodutsa ndi dengu anacheuka.

"Amasesa! Ndiye mukuganiza kuti a kampani asankha mwana m'kalasi monse muja kuti akasese mtsinje?"

"Ndinamutumiza ku koleji kuti asadzasese pakhomo pa munthu."

Kuseka kuja kunatha. Mlamuyo ankadziwa za mkulu wa matewera uja, chifukwa malemu anamuuzapo.

"Ndiye mumufunse mwanayo, alamu. Pakamwa muli napo, ndimakuonani mukudya. Ndipo mudzifunsenso nokha. Chimene mukuopa ndi tsache, kapena ndi nyumba ya zii?"

Anakhuthula nsapato zong'ambika zija, natola thumba lake lopanda kanthu, napita.

A Chete anabwezera timisomali pamilomo. Anakhoma kamodzi, kakapindika. Anakazula, nakhoma kena, nako kakapindika. Funso la mlamu wawo linali ngati kamwala mu nsapato. Za tsachezo zinali zoona, sananame. Koma anakumbukira mmene "Mm" wachiwiri uja anatulukira msanga mwana atanena kuti azigona kunyumba. Anatuluka yekha, osadikira kuti aganize.

Chakumasana kunabwera kapitawo wina wa zomangamanga kudzatenga jombo zake. Anali munthu wamkulu thupi, wokonda nkhani, ndipo ankakonda a Chete chifukwa sankamudula pakamwa. Anatambasula dzanja kuti alandire jombozo, koma a Chete anazikumbatira pamiyendo.

"Khalani."

"Aa! A Chete mwayankhula? N'chifukwa chake mvulayi sikuleka." Anakhala, kabenchi n'kulira.

"Ana a ku koleji. Amabwera kwanu?"

"A atachimenti? Chaka ndi chaka."

"Amasesa?"

Kapitawoyo anakanda m'mutu.

"Sindikunamizani, ena amasesa. Wina amafika n'kukhala phee pakona ngati thumba la simenti, ndiye timamutuma tiyi, nanga titani naye? Wina amafika ndi mafunso, n'kumukakamira injiniya wamkulu ngati nkhupakupa. Ameneyo pochoka amakhala akutha kuyeza ndi makina a miyendo itatu aja. Komanso zimatengera malo. Mwana azifunsa asanapite. Ndikakhala pansi pa ndani? Ndikagona kuti? Mukandilola kugwira chiyani? Kampani yabwino imayankha. Yoipa imangoti udzaonera konkuno."

A Chete anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati akukhoma funso lililonse pamalo pake.

"Atsikana?"

"Atsikana mitu ali nayo, ena kuposa anyamata. Chimawagwetsa ndi jombo."

"Jombo?"

"Jombo zomwezi. Pamalo omanga sulowa wopanda jombo zachitsulo kumphuno. Ndiye kwathu zimabwera zazikulu zokhazokha, za mapazi ngati angawa. Mwana wamkazi amafwinyamo nyuzipepala. Akaponda matope, jombo imatsala, iye n'kupitirira ndi sokosi. Anyamata amaseka. Mawa lake matuza. Kenako wina amati, khala mu ofesi uzilemba mayina a amene abwera. Basi, atachimenti yonse yathera pampando. Bwanji mukufunsa? Ndi Injiniya wathu?"

"Mm."

"Ameneyo musamusunge m'thumba, a Chete."

Anamupatsa jombo zake. Kapitawo atapita, anavula epuloni, nayenda mpaka pakona mvula ikuwawaza.

"Mlamu. Jombo. Zachitsulo. Zazing'ono kuposa zonse."

Mlamuyo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Analowetsa mkono m'thumba lina, kenako m'linzake, mpaka anatulutsa jombo zofiirira zomangidwa pamodzi ndi zingwe zake.

"Zazing'ono ndi zimenezi. Koma sizimukwana, muli malo a mapazi ake awiri."

"Ndizikwanitsa."

Pansi pa benchi lawo panali phazi lamtengo limene anasemera akazi awo kalekale. Analitulutsa, nalipukuta fumbi, nalilowetsa mu jombo. Kenako anaima. Limeneli linali phazi la mayi ake a Injiniya. La mwanayo analiyeza komaliza ali ku pulayimale, pomusokera nsapato za sukulu. Chiyambire nthawi imeneyo, mwanayo anayenda maulendo ambiri amene iwo sanawadziwe. Anabwezera phazi lamtengolo pamalo pake.

Lamulungu anaganiza zoyamba ndi nkhani ya mapoto. Mwana atapita kukacheza kwa mayi ake aang'ono, anaika mpunga pamoto, nakazinga mazira. Ankafuna kuti mwanayo aone yekha kuti bambo ake safa ndi njala. Mpungawo unapserera pansi, pamwamba uli wosapsa. Mchere anathira kawiri, chifukwa anaiwala kuti athira kale.

Injiniya atabwera anapeza utsi uli tolo m'khitchini, mbale zili patebulo.

"Ndaphika," anatero a Chete.

Anakhala pansi onse awiri. Mwanayo anatafuna, mpunga ukulira m'mano. Anamwa madzi. A Chete anali atakonza mawu tsiku lonse, koma atakweza maso n'kuona nkhope yake, mawuwo anathawa. Nkhope za anthu zinkawatseka pakamwa kuyambira kale.

Injiniya anaika supuni pansi, nawagwira dzanja.

"Mwaona, Ababa? N'chifukwa chake ndikhala. Musadandaule."

A Chete anayang'ana mpunga wawo. Anaudya wonse, ndi zopserera zomwe.

Lolemba kunacha kopanda mvula. Anafika pakhonde anthu asanayambe kudutsa. Anadula katoni, nasongola pensulo ndi mpeni, naika jombo zija pansi pa benchi. Kenako anayamba kukhoma chidendene cha nsapato ya kasitomala, maso ali kumsewu.

Injiniya anafika chikwama chili kumsana, foni ili m'manja.

"Ababa, ndikubwerera ku koleji. Ndiwaimbira a mlatho aja ndili pa siteji."

A Chete anakankhira katoni ija patsogolo pake ndi phazi.

"Mm."

"Chiyani, Ababa?"

Analavulira timisomali m'dzanja, natiika tonse pa chivindikiro cha chitini.

"Vula. Ponda apa."

"Ababa, basi indisiya."

"Ibwera ina."

Anavula nsapato, naponda pa katoni. A Chete anagwada. Pano ndiye panali pawo. Moyo wawo wonse anakhala akuyang'ana mapazi a anthu, ndipo mapazi sanawachititsepo manyazi. Anayendetsa pensulo kuzungulira chidendene. Phazilo linali lalitali kuposa la mayi ake, lopapatiza, chala chachiwiri chotsogola ngati chawo.

"Kumlathoko," anatero, akuyang'ana chala chachikulu. "Ukakhala pansi pa ndani?"

Mwanayo anazengereza.

"Pali injiniya wina woyang'anira mizati. Ndi amene anatifunsa mafunso."

"Akakulola kugwira chiyani?"

"Anati kuyeza, ndi kuona ngati konkire yalimba bwino."

"Tsache?"

"Tsache lanji, Ababa?"

"Linalo." Anasintha phazi. "Ukagona kuti?"

"Sindinafunse."

"Ufunse."

"Ndifunsirenji poti ndikukana?"

"Sukana."

Phazi lija linagwedezeka, pensulo n'kuphonya mzere. A Chete analigwira pa kakolo, nalibwezera pamalo pake.

"Koma munati mmm, Ababa. Ndinakumvani."

"Unati kuphunzira ntchito. Ine ndinaphunzirapo ntchito. Ndinasesa, ndinachapa matewera. Ndinayesa n'zomwezo." Anajambulanso mzere uja. "Ndafunsa. Si zomwezo. Ukakhala chete, zikhala zomwezo. Usakakhale ngati ine. Ukafunse mpaka atope nawe."

Anapapasa pansi pa benchi, natulutsa jombo zija, naziika pambali pa katoni. Injiniya anaziyang'ana. Anatola imodzi, nagogoda mphuno yake ndi chala.

"Ndi zazikulu."

"Lero."

Mwanayo anakhala pa kabenchi, jombo ili pamiyendo. Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Nanga inu? Mpunga uja, Ababa. Galu sangadye."

"Ndinadya."

"N'zimene ndikunenazo! Muzidya zimene zija miyezi yonseyi?"

A Chete anali chigwadire. Anayang'ana mapazi awiri ojambulidwa pa katoni.

"Ndiphunzira ntchito."

"Mwati?"

"Inenso ndipita ku atachimenti. Kwa mayi ako aang'ono."

"Ndamva!" Anali mlamu wawo. Anali ataima pa mzati wa khonde ndi thumba la nsapato paphewa, ndipo palibe anamuona pofika. "Ndakulandirani, alamu. Koma kwanga wophunzira amayamba ndi kusesa. Poto mudzamugwira ndevu zikadzachita imvi zonse."

"Zachita kale."

"Ndiye mwachedwa, muyambe lero."

Injiniya anaseka misozi ili m'masaya. Kenako kuseka kunazirala.

"M'nyumba mudzakhala zii, Ababa."

Apa a Chete anakweza mutu. Anamuyang'ana kumaso, chipumi cha agogo ake, maso a mayi ake.

"Mudzakhala," anatero. "Pita, Mayi."

Anatsegula kabokosi kamene ankasungiramo ulusi, natulutsa chinthu chokulungidwa m'pepala. Inali juzi ija ya pampando, yopindidwa mokhota.

"Kumtsinje kumazizira."

Mwanayo anailandira ndi manja awiri. Anainunkhiza, naiika m'chikwama. Mlamu uja anatembenuka n'kuyamba kusanthula m'thumba lake ngati wataya chinthu.

Injiniya anatsika pakhonde osavala nsapato, naima pamalo pouma, foni ili kukhutu. A Chete anamumva akupereka moni, akutchula za mlatho, akunena kuti abwera. Kenako anamumva akuti, "Pepani, ndili ndi mafunso pang'ono. Ndikagona kuti?" Anamvetsera yankho, nafunsa lina. Atayankhidwa, anafunsanso lina.

"Ameneyu sanatengere inu," anatero mlamuyo chapansipansi.

"Mm," anatero a Chete. Anali wachidule, ndipo mlamuyo anaumva.

Anatenga katoni ija, nadula phazi lakumanja motsata mzere wa pensulo. Analilowetsa mu jombo, nalemba pamene panatsala malo. Kenako anatenga mpeni n'kuyamba kumasula ulusi wa kuchidendene kuti aichepetse.